Funsani kuti anapisa dzanja kangati m'thumba

Mwina munamvapo pa wailesi, kapena munalandira uthenga pa WhatsApp, wonena kuti akatswiri apeza kuti mankhwala akutiakuti amathandiza amuna okha, kapena kuti katemera wina ndi woopsa kwa ana aakazi. Mawu otere safuna wowanyamula, amadziyendera okha, chifukwa amaloza anthu amene timawadziwa: mwana wanu wamkazi, mayi anu okalamba, bambo a kunyumba amene ali ndi shuga. Kawirikawiri amene anayamba kuwanena sanali wabodza. Mawuwo amachokera m'kafukufuku weniweni, wochitidwa ndi madokotala enieni, ndipo manambala ake alipo papepala. Chimene chimasowa ndi funso limodzi limene inu owerenga muli ndi ufulu wofunsa: kodi kagulu kameneka kanapezeka atafufuza timagulu tingati?

Funsoli likuoneka ngati la anthu a masamu, koma likukhudza ife a mumzinda wa Lilongwe kuposa anthu a m'mizinda yambiri ya mu Africa. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, yunivesite ya North Carolina ya ku America yakhala ikugwira ntchito limodzi ndi Unduna wa Zaumoyo, ndipo likulu la ntchitoyo, UNC Project, lili pa chipatala chachikulu cha Kamuzu Central. Amayi a ku sikelo ya pa Bwaila ku Old Town ndi m'zipatala zina za mumzinda muno analowa m'kafukufuku wa BAN, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2010 zokhudza kuteteza mwana woyamwa ku kachilombo ka HIV. Mabanja a kuno analowanso m'kafukufuku wa HPTN 052. Ana a kuno anabayidwa katemera wa malungo pa chipatala cha ku Area 18 dziko lonse lapansi lisanamudziwe. Zotsatira za ntchito ngati zimenezi zimakambidwa m'misonkhano ya m'mahotela a ku City Centre, zimakwera ku Capital Hill, kenako zimatsika kudzakhala malangizo amene namwino amatsatira pokupatsani mankhwala. Magazi amene anayezedwa ndi a ana athu. Choncho tiyenera kudziwa pang'ono mmene manambalawo amawerengedwera.

Mmene mwayi umanamizira

Pofuna kudziwa ngati mankhwala atsopano akugwira ntchito, ofufuza amagawa anthu m'magulu awiri mochita maere. Gulu lina limalandira mankhwala atsopanowo, lina limalandira mankhwala akale kapena ongoyerekeza. Pamapeto amawerenga kuti odwala, ochira kapena omwalira ndi angati mbali iliyonse. Koma ngakhale magulu onse awiri atamwa madzi a pampopi okhaokha, manambala sangafanane ndendende. Kwina kudzadwala ana 48, kwina 53, popanda chifukwa china koma kuti zangochitika.

N'chifukwa chake ofufuza anagwirizana za mulingo. Amafunsa kuti: mankhwalawa atakhala kuti sachita chilichonse, kodi kusiyana kwakukulu ngati kumeneku kungaoneke kangati mwangozi? Yankho lake ndi nambala imene amaitcha p. Ikakhala yochepera pa 0.05, kutanthauza kasanu pa 100, amavomereza kuti kusiyanako sikukuoneka ngati kwangozi. Taonani bwino chimene mulingowu ukulolera. Ukuvomereza kuti pa mafunso 20 aliwonse ofunsidwa za mankhwala opanda ntchito, limodzi lingapereke yankho lonyenga.

Funso likakhala limodzi, ngozi ya kunyengeka ndi yaing'ono. Koma mtima wa munthu sukhutira ndi funso limodzi. Tiyerekeze kuti ofufuza ayesa mankhwala amene sathandiza konse, ndipo pa gulu lonse sanaone kusiyana. Ayamba kudula: amuna paokha, akazi paokha, osakwana zaka zisanu, achinyamata, akuluakulu, a ku Area 10 ndi Area 43, a ku Kawale, a ku Mchesi, a ku Area 25, obwera nthawi ya mvula ndi obwera m'chilimwe. Kagulu kalikonse ndi funso latsopano, ndipo funso lililonse lili ndi ngozi yakeyake ya kasanu pa 100. Ngati timaguluto sitikulowana, masamu ake ndi awa: pa timagulu tisanu, mwayi woti kamodzi kaoneke ngati kathandizidwa pamene sikanathandizidwe ndi pafupifupi 23 pa 100. Pa timagulu khumi ndi 40 pa 100. Pa timagulu 20 ndi 64 pa 100. Apa ndiye kuti kupeza kagulu konyenga kwakhala chinthu choyembekezereka kuposa kusakapeza.

Aliyense amene anagulapo chimanga pamsika waukulu wa ku Old Town akuidziwa nkhaniyi. Wogula wanzeru amapisa dzanja m'thumba kuti aone ngati muli anankafumbwe. Koma tiyerekeze kuti wogulitsa ali ndi thumba lofumbwa, ndipo mobisa wapisa dzanja ka 20 kufikira atatulutsa dzanja limodzi la chimanga choyera, n'kukuonetsani lokhalo. Sananame, chimangacho chachokeradi m'thumbamo. Chimene wakubisirani ndi maulendo 19 enawo. Zimachitikanso mbali inayo: wofuna kutsitsa mtengo angapise m'thumba labwino kufikira atapeza njere zitatu zoboola, n'kunena kuti thumba lonse laola. Onse awiri tingawagwire ndi funso lomwe lija: mwapisa kangati?

Nyenyezi ndi aspirin

Mu 1988 magazini ya madokotala ya The Lancet inafalitsa zotsatira za kafukufuku wamkulu wotchedwa ISIS-2, wotsogoleredwa ndi akatswiri a ku Oxford, mmodzi mwa iwo Richard Peto. Munalowa odwala 17,187 amene ankaganiziridwa kuti mtima wawo watsekeka mitsempha. Zinapezeka kuti aspirin anachepetsa imfa za matenda a mtima ndi mitsempha m'masabata asanu oyambirira ndi pafupifupi 23 pa 100. Panali chikakamizo choti aonetse kuti ndi odwala ati amene anapindula kwambiri. Pofuna kuchenjeza owerenga awo, ofufuzawo anagawa dala odwalawo potsata zizindikiro khumi ndi ziwiri za nyenyezi zimene anthu ena a ku Ulaya amaombezera nazo potengera mwezi wobadwa. Zotsatira zake zinali zoseketsa: obadwa pansi pa zizindikiro za Gemini ndi Libra sanaoneke kuti athandizidwa ndi aspirin, pamene ena onse anathandizidwa kwambiri. Palibe dokotala amene anakhulupirira kuti mwezi wobadwa umaletsa aspirin kusungunula magazi. Phunziro linali lakuti ukadula gulu lalikulu kambirimbiri, ngakhale mankhwala amphamvu amaoneka opanda ntchito penapake.

Nyenyezi n'zosavuta kuziseka. Choopsa ndi pamene kagulu konyengako kali ndi dzina lomveka lanzeru. Mu 1978 kafukufuku wa ku Canada wa odwala 585 anaonetsa ngati aspirin amateteza amuna ku sitiroko koma osati akazi. Akazi m'kafukufukuyo anali ochepa, koma anthu anapeza msanga zifukwa zofotokozera kusiyanako, ndipo kwa zaka zambiri amayi ochuluka amene akanatetezedwa sanapatsidwe mankhwalawo. Kafukufuku wambiri atasonkhanitsidwa pamodzi, zinaoneka kuti akazi amene anadwalapo kale amapindulanso. Kagulu konyenga kamalanda mankhwala m'manja mwa munthu amene akuwafuna.

Mankhwala a vutoli

Vutoli lili ndi njira zolichepetsera, ndipo sizovuta kuzimvetsa. Yoyamba ndi kulemberatu. Kafukufuku asanayambe, ofufuza amalemba m'ndondomeko yawo funso lalikulu limene akufuna kuyankha, ndi timagulu towerengeka timene ali ndi chifukwa chenicheni chotiyang'anira. Ndondomekoyo imalembetsedwa poyera, m'kaundula monga ClinicalTrials.gov kapena Pan African Clinical Trials Registry, kuti mawa asadzasinthe funso ataona kale mayankho. Mlenje amene amalasa kaye muvi kenako n'kujambula chandamale pamene muviwo wagwera sangatchedwe katswiri.

HPTN 052 ndi chitsanzo cha mphamvu ya funso lolemberatu. Munalowa mabanja 1,763 m'mayiko asanu ndi anayi, kuphatikizapo a ku Lilongwe ndi ku Blantyre, momwe mmodzi anali ndi kachilombo ka HIV pamene mnzake analibe. Funso linali lodziwika kuyambira pachiyambi: kodi kuyamba msanga ma ARV kumateteza mnzakeyo? Mu 2011 zinapezeka kuti mwa anthu 28 amene anatengera kachilomboka kwa mnzawo wa m'banja, 27 anali m'gulu lochedwa kuyamba mankhwala ndipo mmodzi yekha anali m'gulu loyamba msanga. Kupatsirana kunachepa ndi 96 pa 100. Yankho lotere silifuna kusakasaka m'makona a thumba.

Njira yachiwiri ndi kukhwimitsa mulingo molingana ndi kuchuluka kwa mafunso. Yodziwika kwambiri imatchedwa ndi dzina la katswiri wa masamu wa ku Italy, Carlo Emilio Bonferroni, ngakhale amene anaikonza kuti izigwira ntchito pa nkhani ngati izi anali mayi wa ku America, Olive Jean Dunn. Lamulo lake ndi losavuta: gawani 0.05 ndi chiwerengero cha mafunso. Ngati mwafunsa mafunso 20, lililonse liyenera kufika pa 0.0025, kutanthauza kamodzi pa 400, lisanavomerezedwe. Mukatero, ngozi yoti munyengeke ngakhale kamodzi pa mafunso onsewo imabwerera pa kasanu pa 100. Mu 1979 Sture Holm wa ku Sweden anabweretsa njira yofewerapo: mumandandalika zotsatira kuyambira yamphamvu kwambiri, yoyambayo n'kuiyeza ndi mulingo wokhwima kwambiri, yotsatira ndi wofewerapo pang'ono, ndipo mumaima pamene imodzi yalephera. Ena amandandalikiratu mafunso potsata kufunika kwake, ndipo funso lachiwiri limaloledwa kulankhula pokhapokha loyamba litapambana.

Njira yachitatu ndi imene atolankhani amaiwala kawirikawiri. Kunena kuti mwa anyamata mankhwala afika pamulingo koma mwa atsikana sanafike sikutsimikizira kuti anyamata ndi atsikana akusiyana. Mwina atsikana anali ochepa, kapena anaperewera pang'ono chabe. Pali kuyeza kwapadera kofananiza timagulu tiwirito mwachindunji, kofunsa ngati kusiyana kwawo n'kwakukulu kuposa kumene mwayi ungabweretse. Popanda kuyeza kumeneko, chiyerekezo chabwino cha mmene mankhwala angathandizire mwana wanu ndi zotsatira za gulu lonse.

Katemera wa malungo ndi ana aakazi

Tsopano tibwere kwathu. Pakati pa 2009 ndi 2014 katemera wa malungo wa RTS,S anayesedwa pa ana 15,459 m'malo 11 a m'mayiko asanu ndi awiri a mu Africa: Burkina Faso, Gabon, Ghana, Kenya, Malawi, Mozambique ndi Tanzania. Kuno ku Malawi malowo anali Lilongwe. Funso lalikulu linali ngati katemerayu amachepetsa malungo, ndipo yankho linali lakuti inde: mwa ana amene anayamba kubayidwa ali ndi miyezi 5 mpaka 17 ndi kulandira katemera kanayi, malungo anachepa ndi gawo loposa limodzi mwa magawo atatu m'zaka pafupifupi zinayi.

Koma m'manambala omwewo munatuluka zinthu zitatu zodetsa nkhawa. Matenda oumitsa khosi anapezeka mwa ana 21 a m'magulu awiri olandira katemerayu, poyerekeza ndi mwana mmodzi m'gulu lachitatu lofananizira. Malungo okhudza ubongo anaoneka ochulukirapo. Ndipo akatswiri ena, mmodzi mwa iwo Peter Aaby amene wagwira ntchito zaka zambiri ku Guinea-Bissau, atagawa imfa potsata kuti mwana ndi wamwamuna kapena wamkazi, analemba mu 2016 kuti ana aakazi olandira katemerayu anamwalira pafupifupi kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi ana aakazi a m'gulu lofananizira. Mwa anyamata kusiyana kotere kunalibe.

Tayerekezani kuti ndinu amene muli ndi udindo wosankha. Mbali ina, kugawa kumeneku sikunali m'ndondomeko yoyambirira, kunachitika manambala ataoneka kale. Imfa zinali zochepa, chifukwa ana onse a m'kafukufuku ankasamalidwa bwino kuposa anzawo a m'mudzi, ndipo manambala ochepa amagwedezeka msanga. Matenda oumitsa khosiwo anali ochokera ku tizilombo tosiyanasiyana ndipo sanatsatane ndi masiku obayira. Ofufuza ankalemba mitundu yambirimbiri ya matenda ndi zovuta, choncho kuti chimodzi kapena ziwiri zioneke zokwera mbali imodzi si chodabwitsa. Zonsezi zikuloza ku mwayi. Koma mbali inayo, tikunena za imfa za ana. Ndani angaime pamaso pa mayi n'kumuuza kuti nkhawa yake yachotsedwa ndi kugawa 0.05 ndi 20?

Panali njira ziwiri zosavuta, ndipo zonse zinali zolakwika. Ina inali kumeza kaguluko monga choonadi ndi kutaya katemerayo, kapena kumabaya anyamata okha. Ina inali kukaponya kudzala, n'kunena kuti ndi mwayi basi. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linasankha njira yachitatu, yotenga nthawi ndi ndalama. Linasandutsa nkhawa zitatuzo kukhala mafunso olemberatu, oti ayankhidwe ndi ana ena atsopano ochuluka kwambiri. Pa 23 April 2019 Malawi linakhala dziko loyamba kuyamba kupereka katemerayu kudzera m'masikelo, ndipo Ghana ndi Kenya anatsatira chaka chomwecho. Kuno anayamba ndi madera ena a m'maboma 11, madera ena n'kukhala ofananizira. Zipatala zosankhidwa zinkayeza ana ogonekedwa kuti zione matenda oumitsa khosi ndi malungo a muubongo, ndipo m'midzi ankalemba imfa za ana, anyamata paokha ndi atsikana paokha.

Nthawi ino thumba linali latsopano, ndipo anali atanena kale kuti adzapisa pati. Zotsatira zake sizinaonetse kuti katemerayu amachulukitsa matenda oumitsa khosi kapena malungo a muubongo, ndipo sizinaonetse kuti ana aakazi akumwalira kuposa mmene zikanakhalira. Pa 6 October 2021 WHO inalimbikitsa kuti katemerayu aziperekedwa kwa ana okhala m'madera a malungo. Mu 2023, ana oposa mamiliyoni awiri atalandira m'mayiko atatuwa, inalengeza kuti m'madera operekedwa katemera imfa za ana a msinkhu wolandira zinachepa ndi 13 pa 100. Tikanameza kagulu kaja mu 2016, ena mwa ana aakazi amene akusewera lero pabwalo sakanakhalapo. Tikanakanyoza, bwenzi tilibe choyankha kwa mayi wofunsa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nkhaniyi inali ndi mkangano wake. Mu 2020 magazini ya BMJ inafalitsa madandaulo a akatswiri ena akuti makolo sanapemphedwe chilolezo payekhapayekha ndipo sanauzidwe mokwanira za nkhawa zitatu zija. WHO inayankha kuti katemerayu anali atavomerezedwa ndi mabungwe oyang'anira mankhwala m'mayiko atatuwo ndipo ankaperekedwa monga akatemera ena a ku sikelo. Kaya inu muima mbali iti, mkanganowo ukutiphunzitsa kuti masamu abwino sakwanira ngati mwini mwana sanafotokozeredwe m'chinenero chake chimene chikudziwika, chimene chikukayikitsa, ndi chimene chikuyesedwa.

Pamene kagulu ndife

Nthawi zina kagulu kamene kadulidwa ndi dziko lathu lenileni. Kafukufuku wa MORDOR, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2018, anayesa kupereka mankhwala a azithromycin kawiri pachaka kwa ana osakwana zaka zisanu m'midzi yoposa 1,500 ya ku Niger, Tanzania ndi Malawi, kuno m'boma la Mangochi. Pamodzi, imfa za ana zinachepa ndi 13.5 pa 100. Atagawa potsata mayiko, ku Niger zinachepa ndi pafupifupi 18 pa 100, ku Malawi pafupifupi 6, ku Tanzania pafupifupi 3, ndipo manambala a Malawi ndi Tanzania paokha sanafike pamulingo.

Wina wopupuluma anganene kuti mankhwalawa sagwira ntchito ku Malawi. Wina anganene kuti agwira ntchito paliponse mofanana. Onse akunena zoposa zimene manambala akunena. Gawo la Malawi palokha linali laling'ono moti silikanatha kusiyanitsa phindu lochepa ndi kusapindula. Komanso panali chifukwa chomveka choganizira kuti kusiyanako kungakhale kwenikweni, popeza ku Niger ana ankamwalira ambiri kuposa kwina. Mu 2020 WHO inapereka malangizo osamala: mankhwalawa asaperekedwe kwa ana onse kulikonse, koma aganiziridwe kwa makanda a mwezi umodzi mpaka miyezi 11 m'madera amene imfa za ana n'zokwera kwambiri, uku akuyang'anira kuti tizilombo tisayambe kupirira mankhwalawo. Timagulu tinathandiza kuloza kumene kafukufuku wotsatira ayenera kupita. Imeneyo ndiyo ntchito yake yoyenera.

Amene akutsutsa ali ndi mfundo

Pali amene anganene kuti kukhwimitsa mulingo kumapondereza ochepa. Anthu si ofanana. Thupi la mayi woyembekezera, la mwana woperewera zakudya, la munthu amene ali pa ma ARV, lingalandire mankhwala mosiyana. Kwa zaka zambiri mankhwala ankayesedwa makamaka pa amuna a ku Ulaya ndi ku America, ife n'kumangolandira. Ngati kagulu kalikonse kakaonekera tikakuta ndi mulingo wa kamodzi pa 400, kodi sitibisa kusiyana kwenikweni?

Mfundoyi ndi yoona, ndipo njira ya Bonferroni ilidi ndi mtengo wake: ikamachepetsa mayankho onyenga, imachulukitsa mwayi wophonya chinthu chenicheni. Koma mankhwala ake si kufewetsa mulingo kuti kagulu kalikonse kazitchedwa umboni. Ngati tikukhulupirira kuti amayi oyembekezera angasiyane ndi ena, funsolo lilembedwe pachiyambi ndipo amayiwo alowe ochuluka mokwanira kuti yankho likhale lodalirika. Kulemekeza gulu la anthu ndi kulipatsa kafukufuku wokwanira, osati kulipatsa zotsala za kafukufuku wa ena.

Ndiponso phindu ndi ngozi sizifunika kuyezedwa ndi dzanja limodzi. Wogulitsa akanena kuti mankhwala ake analephera pa gulu lonse koma anathandiza kagulu kena, tiyenera kumukhwimitsira, chifukwa ali ndi chifukwa chosakira dzanja loyera. Koma kagulu kakaonetsa ngozi, ngakhale kasanafike pamulingo wokhwima, chizindikirocho chiyenera kulembedwa, kunenedwa poyera, ndi kuyesedwanso mwadongosolo, monga zinachitikira ndi katemera wa malungo.

Zimene tiyenera kupempha

Kafukufuku wa zaumoyo m'dziko muno sayamba popanda chilolezo. Komiti ya National Health Sciences Research Committee ya ku Unduna wa Zaumoyo ndi komiti ya ku sukulu ya madokotala ku Blantyre zimaunika ndondomeko, ndipo bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority limayang'anira kuyesedwa kwa mankhwala. M'madera ochitikira kafukufuku mumakhalanso makomiti a anthu wamba, momwe mumapezeka mafumu, atsogoleri a mipingo ndi a magulu a amayi. Ngati muli m'komiti yotere, kapena m'komiti ya zaumoyo ya kwanu, muli pamalo abwino ofunsira.

Kwa ofufuza, pempho ndi lakuti pobwera kudzatiuza zotsatira, atiuze m'Chichewa chomveka kuti funso lalikulu linali liti, timagulu tonse anatiyang'ana tinali tingati, ndi tingati tinalembedwa kale. Timagulu timene sitinaonetse kanthu tinenedwenso. Kwa atolankhani, mutu wa nkhani uzichokera pa zotsatira za gulu lonse, ndipo ngati mukulemba za kagulu, nenani kuti ndi kagulu. Kwa madokotala, anamwino ndi alangizi a zaumoyo amene mumapita ku misonkhano kumene oimira makampani amaonetsa zithunzi zokongola, yang'anani ngati pepala lonse lili ndi mizere 20 pamene akukuonetsani umodzi.

Kwa inu nonse, uthenga wonena za kagulu ukafika pafoni, musanautumize kwa azilamu ndi a kumphakati, ufunseni mafunso anayi. Kodi pa gulu lonse anapeza chiyani? Kodi kaguluka kanalembedwa kafukufuku asanayambe, kapena kanatoledwa pambuyo? Kodi anayang'ana timagulu tingati, ndipo anakhwimitsa mulingo? Kodi pali kafukufuku wina, wa anthu ena, amene anapezanso zomwezo? Ngati wotumizayo sangayankhe ngakhale limodzi, uthengawo ugone kaye m'foni mwanu kufikira mutafunsa kuchipatala. Safunsa anadya phula.

Ndipo ngati muli m'dera limene katemera wa malungo akuperekedwa, ndondomeko yake kuno ndi ya maulendo anayi: mwana akakwana miyezi 5, 6, 7 ndi 22. Ulendo wachinayi ndi umene makolo ambiri amaiwala, choncho ulembeni penapake. Katemerayu salowa m'malo mwa neti yonyikidwa m'mankhwala kapena kuthamangira kuchipatala thupi la mwana likatentha. Funso lokhudza ana aakazi linafunsidwa moyenera, linayesedwa pa ana ochuluka kuphatikizapo a kuno kwathu, ndipo linayankhidwa. Mwana wamkazi ndi wamwamuna onse apite ku sikelo.